Madzi Nawonso Amafuna Moni

1. Mtsikana woyamba nkhani pakati

Omega anali mtsikana wa miyendo yothamanga ndi pakamwa pothamanga. Chimene analibe ndi moni. Anachoka ku Balaka akadali wamng'ono n'kudzakhala ku Orange Farm ndi amalume ake, a Aloysius, ndi akazi awo, a Maureen. Chinthu choyamba chimene anaphunzira ku Joni sichinali Chizulu ayi, koma kuyamba nkhani pakati ngati anthu a pa renki ya matakisi.

Tsopano anali m'kalasi lomaliza la sekondale, ndipo masamu ankawamwa ngati madzi. Loweruka lililonse ankapita m'tauni, pafupi ndi Park Station, kumene ana ofuna uinjiniya ankaphunzira maphunziro apadera.

Loweruka limeneli anatuluka m'chipinda chikwama chili kale kumsana, nsapato imodzi yosamanga.

"Anti, amalume apita?"

A Maureen ankapukuta makapu. Sanatembenuke.

"Anti, ndati amalume apita?"

"Ndakumva. Ndikudikira kuti mwina udzuka kaye."

Omega anaponda pansi mosaleza mtima. "Mwadzuka bwanji, anti."

"Khala pampandopo," anatero a Maureen. "Takisi ikakusiya ibwera ina. Dzulo unalowa m'nyumba mwa aneba athu, mayi Hajara, osagogoda, osapereka moni, n'kungoti akubwereke chaja. Anakupatsa, eti? Kodi unaona kuti maso awo anali otupa? Mchimwene wawo wamwalira ku Mangochi, ndipo iwo sangapite kukaika maliro chifukwa mapepala awo sali bwino. Iwe unatenga chaja n'kutuluka ukuimba. Ndinachita manyazi mpaka ndinasowa poyang'ana.

"Umayesa moni ndi mawu otayitsa nthawi. Ayi, mwana wanga. Ukamfunsa munthu kuti wadzuka bwanji, ukufuna kudziwa ngati angathe kusenza chimene wabwera nacho. Mwina wadzuka ndi mutu, mwina wagona ndi njala, mwina mtima wake uli kumudzi. Ukadumpha pamenepo, zonse zimene unene pambuyo pake zikhoza kukhala zoona, koma zigwera pa munthu amene palibe. Sukulu yako ndi yabwino, ife timanyadira. Koma liwiro lakoli tsiku lina lidzagwetsa munthu amene sanalakwe kanthu."

"Ndamva, anti," anatero Omega, maso ali pakhomo. Anali asanamve chilichonse.

"Amalume ako apita m'mamawa. Foni yawo aisiya, yatha moto, magetsi sanayake usiku wonse. Akuti lero akwirira paipi yako ija."

Omega anamwetulira, namanga nsapato ija ali panja.

2. Paipi ya injiniya

A Aloysius ankagwira ntchito ya m'munda kunyumba ina ku Fourways. Chaka chimenecho madzi a m'mipopi ankavuta, ndipo kuthirira maluwa ndi madzi a boma kunali koletsedwa masana. Madamu a nyumbayo anali ndi thanki yaikulu ya madzi amvula kuseri kwa garaja, pamwamba pa nsanja ya njerwa. Koma dimba lawo la masamba ndi mbande zatsopano zinali kutali, kumapeto kwa mpanda.

Madamu anafuna kuitana kampani yoika mapampu. Vuto linali lakuti kampaniyo inkabwera ndi anthu ake osamalira munda. Pampu ikalowa, a Aloysius atuluka. Zimenezi aliyense m'nyumba ya ku Orange Farm ankazidziwa, ngakhale palibe amene ankazitchula pa chakudya.

Ndiye Omega anatulukira ndi nzeru. Sabata yapitayo anaphunzira samu ya thanki yobooka pansi: ukadziwa kutalika kwa madzi, umadziwa liwiro limene atulukire. Anafunsa amalume ake kutalika kwa nsanja, anawerengera ataimirira, n'kulengeza kuti pampu ndi yosafunika.

"Madzi adzatsika okha, amalume. Ndowa idzadzaza musanamalize kumanga zingwe za nsapato. Timipopi towaza madzi ta kudimba tidzazungulira ngati tapenga."

A Aloysius anali munthu wokhulupirira mwana wa mlongo wawo kuposa nyengo ya pa wailesi. Anapita kwa madamu chifuwa chili patsogolo. Madamu anagula paipi yakuda, yopyapyala, yotsika mtengo, ndipo sabata yonse a Aloysius anakumba ngalande kuzungulira mpanda. Kuyambira pamenepo kunyumba sankamutchulanso dzina. Ankangoti injiniya, akuseka ndi chimwemwe.

3. Mizere itatu

Mphunzitsi wa Loweruka anali a Mwelwa, bambo wa imvi wochokera ku Lusaka. M'kalasi ankayankhula Chingerezi, koma akakhala ndi Omega ndi mnzake Cynthia, amene kwawo ndi ku Dedza, ankatsitsa Chinyanja chawo cha ku Zambia.

Nthawi yopuma itakwana, Omega anafika pa tebulo lawo osapereka moni, monga mwa chizolowezi.

"Aphunzitsi, samu yanu ya thanki ija ndaigwiritsa ntchito yeniyeni."

Anafotokoza zonse mwamsangamsanga, akudikira kuyamikiridwa. A Mwelwa anaika kapu yawo ya tiyi pansi.

"Paipi ni yaitali bwanji?"

"Yazungulira mpanda wonse. Kuyenda pansi munthu amatopa."

"Kukula kwake?"

Omega anaonetsa chala chake chaching'ono.

"Manje mizere itatu imene ndinalemba pamwamba pa samu ija, unaiona?"

Omega anakumbukira. Pamwamba pa bolodi panali mizere itatu, uliwonse ukuyamba ndi mawu akuti tiyerekeze kuti. Iye anayambira kukopera pamene panayambira manambala.

"Ndinkayesa ndi moni chabe, aphunzitsi. Zimene mumalemba musanayambe samu yeniyeni."

A Mwelwa anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunalibe chimwemwe.

"Ni moni ndithu. Manje kwanu ku Malawi moni mumataya? Khala pansi, Omega, undimvere bwino. Masamu enieni a kayendedwe ka madzi ni ataliatali, ni ovuta, ndipo mpaka lero palibe munthu amene anawamasula onse n'kunena kuti yankho la zonse ni ili. Madzi amakhota, amazungulira, amakankhana okhaokha, amagwira khoma. Ndiye ife timatani? Timachotsako zina kuti samu itheke. Kumeneko si kunama. Koma chilichonse chimene wachotsa uyenera kuchitchula, ndipo uyenera kufunsa ngati madzi ako akuvomera.

"Mzere woyamba unati tiyerekeze kuti madzi safinyika, kuti ukawapanikiza sachepa. Pamenepo madzi a amalume ako avomera, palibe mlandu. Wachiwiri unati tiyerekeze kuti akuyenda mofanana nthawi zonse, osati pano athamanga, pano aima. Thanki ikakhala yaikulu, amatsika pang'onopang'ono, ndiye pamenepo avomeranso, ngakhale monyinyirika.

"Wachitatu unati tiyerekeze kuti madzi sakhulana ni khoma. Pa bowo la thanki zimenezo n'zoona ndithu, chifukwa khoma lake ni lalifupi ngati chikhadabo. Koma iwe wawalowetsa m'njira yaitali, yopanikizika, yokhotakhota. Madzi amene ali pakhoma la paipi amamatirira pamenepo, n'kumagwira anzawo malaya kuti asathamange. Paipi ikatalika, kugwirana kumachuluka. Ikachepa, pafupifupi madzi onse ali pafupi ni khoma. Unayamba wamwapo maheu ni kapaipi komwera? Manje lumikiza timapaipi tambirimbiri, uyese kukoka. Masaya adzapweteka, pakamwa padzafika fungo lokha.

"Samu yako sinalakwe. Ni yoona, koma ni ya madzi ena, osati amene ali ku Fourways. Injiniya amene amadumpha mizere ija ni woopsa kuposa munthu wosadziwa samu, chifukwa wosadziwa amayesa kaye n'kuona. Wodziwa amalankhula molimba mtima, ndipo anthu amakumba."

Omega anafunsa msanga:

"Ndiye madzi safika?"

"Afika, koma otopa. Timipopi tako sitizungulira."

4. Matakisi awiri

Omega sanabwererenso m'kalasi. Anatsika masitepe akuthamanga, Cynthia ali pambuyo. Anatulutsa foni, anaimba, kenako anakumbukira kuti foni ya amalume ili patebulo ku Orange Farm, yakufa. Nambala ya madamu analibe.

Kunja kwa Park Station kunali piringupiringu. Anyamata ankakankha ngolo zodzaza zikwama zopita ku Blantyre ndi ku Lusaka, ogulitsa ankaitanira, matakisi ankaliza mahutala opanda chifukwa. Omega anayenda kupita uku, nabwerera, napitanso.

"Ima kaye, ukundizunguza mutu," anatero Cynthia, akumugwira chikwama. "Tiye kunyumba. Amalume ako ndi akulu, aona chochita. Madzi akakana, anena kuti paipi ndi ya feki, basi. Ndani adziwe kuti ndi iwe?"

"Madamu akudziwa kuti pali mwana amene anawerengera."

"Sanakuonepo nkhope. Eish, Omega, ukufuna ukaime pamaso pa mzungu n'kunena kuti ndine chitsiru? Amalume ako amakutamanda mpaka ku tchalitchi. Udzawayang'ana bwanji?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa anali oona. Omega ankakonda kutchedwa injiniya. Ankaopa kwambiri kuona nkhope ya amalume ake ikugwa, ndipo manyazi anali atayamba kale kumuwotcha makutu.

"Nanga akawachotsa ntchito?"

Cynthia anayang'ana kumbali. "Mwina sawachotsa."

"Tiyerekeze kuti sawachotsa," anatero Omega. Atangomva mawuwo akutuluka m'kamwa mwake, anaima chilili. Anali atachotsa chinthu china kuti samu itheke, ndipo ulendo uno ankadziwa kuti chimene wachotsacho ndi chachikulu.

Takisi ya ku Orange Farm inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Cynthia anakwera n'kumusungira malo. Omega anapukusa mutu, natembenuka, nayamba kuthamangira ku renki ya matakisi opita kumpoto, ku Fourways.

5. Pa geti

Ulendo unali wautali ngati wochita kufuna. Takisi inkaima paliponse, ndipo maloboti ena anali osayaka.

Nyumba ya madamu inali m'kati mwa mpanda waukulu wa nyumba zambiri, wokhala ndi geti ndi mlonda. Mlondayo anali bambo wachikulire wa Chizulu. Omega anafika pa zenera lake akupuma mwawefuwefu, n'kuyamba nkhani pakati, m'Chingerezi.

"Ndikufuna Aloysius wa m'munda, nyumba ya thanki yobiriwira, nditsegulireni msanga."

Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anayang'ana mitambo. Kenako anayamba kupukuta magalasi ake, mosafulumira, ngati munthu amene alibe mlendo.

Omega anafuna kulira. Analuma mlomo, natsitsa chikwama pansi, naika manja pamodzi.

"Sawubona, baba. Ninjani?"

Nkhope ya mlondayo inamasuka. Anayankha moni, namufunsa za kunyumba, namufunsa ngati ndi iye mwana wa sukulu amene Aloysius amamutchula tsiku lililonse. Omega anayankha zonse, phazi likuyabwa. Koma m'kati mwa moniwo ndi mmene anamva zimene sakanazimva. Anthu a mapampu anabwera Lachinayi, anatero mlondayo, ndipo anayeza munda wonse. Aloysius sanadye masiku awiri, amangokumba. Madamu angolowa kumene ndi galimoto, ndipo akuti akufuna aone madzi ndi maso awo.

Mlondayo anaimba foni kunyumbako, natsegula geti laling'ono. "Dzera njira ya kumanzere," anatero. "Ya kumanja ili ndi agalu."

6. Madzi otopa

Anawapeza kuseri kwa garaja. Ngalande inali itakwiriridwa bwinobwino, dothi lopondedwa mosalala. A Aloysius anaima m'ovolosi yawo yonyowa ndi thukuta, chipewa chili m'manja. Madamu, mayi wamtali wa tsitsi lotuwa, anali ataika kale dzanja pa mpopi wa thanki.

A Aloysius atamuona anadabwa, kenako anasangalala. "Madamu, uyu ndiye injiniya wathu uja."

Omega anafika pafupi, napinda maondo pang'ono. "Mwaswera bwanji, amalume?"

A Aloysius anamuyang'anitsitsa. Mwanayu anali asanawapatseko moni mosakakamizidwa chichokereni ku Balaka, ndipo anadziwa pomwepo kuti pali vuto.

"Ndaswera. Kwagwanji kunyumba?"

"Kunyumba kuli bwino. Vuto lili m'paipimu."

Anatembenukira kwa madamu, nawapatsa moni m'Chingerezi, nanena zonse. Anati samu anapanga ndi iye, amalume anangomukhulupirira. Anati samuyo inali ya bowo la thanki, osati ya paipi yaitali ndi yopyapyala, ndipo iye anadumpha mizere imene inanena zimenezo. Anati madzi afika, koma ochepa, ndipo timipopi sitizungulira.

Madamu anangotsegula mpopi.

Onse atatu anayenda motsatira mpanda mpaka kudimba. Anadikira. Paipi inatsokomola, inalavula mpweya, inatsokomolanso. Kenako madzi anatuluka, kamtsinje kowonda kotsetsereka ndi kampopi ngati mamina a mwana. Kampopi kamodzi kanagwedezeka pang'ono, kanaima. Mbande zinakhala zouma mmene zinalili.

A Aloysius anakhala pansi pa njerwa. Sanakalipe. Anangoyang'ana zikhatho zawo zotupa ndi matuza.

"Ndinakwirira ndi manja awa," anatero chapansipansi, m'Chichewa. "Ndinawauza anthu onse."

Omega akanakonda akanamukalipira. Misozi imene anaisunga kuyambira ku Park Station inatsika.

Madamu anatseka mpopi n'kubwerera. Anayankhula ndi a Aloysius, koma maso ali pa Omega.

"Mwanayu akanapanda kubwera, ndikanati unandinamiza kuti usunge ntchito, ndipo lero lomwe ndikanaimbira anthu a pampu. Tsopano ndaona kuti sunaname. Koma mbande zanga sizimwa chilungamo, zimamwa madzi. Lachitatu ndikupita kunyanja kwa milungu iwiri. Ndikamanyamuka ndikufuna ndione timipopi iti tikuzungulira. Paipi ina ndigula, koma kamodzi kokha. Zikakanika, pampu ikubwera ndi anthu ake."

Analowa m'nyumba, chitseko chinatsekeka.

7. Njira yaifupi

Omega anapukuta maso ndi mkono wa malaya, nakhala pansi pafupi ndi amalume ake.

"Amalume, ndifunseko. Paipiyi yakhota kangati? Pali pamene yakwera mtunda? Thanki ikafika theka, madzi amakhala pati?"

A Aloysius anamuyang'ana cham'mbali. "Bwanji sunafunse zimenezi sabata yatha?"

"Sindinapereke moni," anatero Omega.

Iwo sanamvetse, koma anadzuka. Anayenda naye ngalande yonse, akumuonetsa pokhota paliponse, ndipo Omega ulendo uno ankafunsa kawiri asanalembe. Anatumiza uthenga kwa a Mwelwa, ndipo yankho linabwera lalifupi: paipi ikhale yonenepa, njira ikhale yaifupi, ndipo asanakwirire ayese ndi ndowa.

Anabwerera pa thanki n'kuyang'ana kudimba. Njira yaifupi inalipo imodzi yokha. Inkadutsa pakati penipeni pa kapinga wa madamu, wobiriwira, wosalala ngati kapeti ya m'tchalitchi, amene ngakhale galu wa m'nyumbamo sankaloledwa kupondapo.

"Injiniya," anatero a Aloysius. Ulendo uno sanaseke. "Kapinga ameneyo ine ndimapondapo nditavula nsapato. Amene anamugwetsera wilibala pamenepo chaka chatha sanamalize tsiku pantchito."

Omega anayang'ana kapingayo, anayang'ana matuza a m'manja mwa amalume ake. Kenako anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zake kuti akayeze njirayo.

Pa zenera la kukhitchini, katani inagwedezeka. Madamu ankawaona.